Agogo akati "ndi ukalamba basi", funsanibe

Okalamba ambiri sanena kuti akumva ululu. Mukawafunsa mmene adzukira amangoti "tadzuka", chikhalirecho bondo lawachezetsa usiku wonse. Pa ntchito yanga ya unamwino sindifunsa kuti "Mukumva kuwawa?" Ndimafunsa zimene anasiya kuchita. Kutchalitchi akupitabe? Akakhala pamkeka amadzuka okha, kapena mpaka wina awagwire mkono? Kuchimbudzi amatha kunjuta? Ululu ukapitirira miyezi 3, umenewo ndi wokhalitsa ndipo ukufunika dongosolo, osati kungogula mapiritsi tsiku limene wakula.

Apempheni aloze ndi chala pamene pakuwawa, afotokozenso mmene pakuwawira. Kuphwanya m'maondo ndi m'chiuno, kumene kumakula akayenda, nthawi zambiri ndi nyamakazi. Koma akati mapazi akuotcha ngati moto, kubaya kapena kuchita dzanzi, vuto lili m'mitsempha, monga zimachitikira odwala shuga kapena amene anadwalapo mashingozi. Ululu wotere panado sauthetsa kwenikweni. Achipatala amapereka amitriptyline wochepa womwa usiku, koma amachititsa chizungulire, ndiye muziwaperekeza akamatuluka panja usiku.

Poyeza kukula kwake gwiritsani ntchito dzanja: chibakera ndiye kuti palibe ululu, zala zonse 5 ndiye wosapiririka. Lembani m'kope m'mawa ndi madzulo, kopelo mupite nalo kuchipatala. Kwa agogo amene anayamba kuiwalaiwala, yang'anani nkhope: kukwinya, kubuula mukawatembenuza, kukana nsima.

Yambani ndi panado, mapiritsi 2 a 500mg maola 8 aliwonse, osadikira kuti ululu ubwere kaye. Asapitirire 6 patsiku, ndipo ngati agogo ndi owonda kwambiri kapena amamwa mowa, funsani kaye achipatala. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi brufen, diclofenac ndi indocid ogula pa okala. Amathandiza msanga, n'chifukwa chake adzukulu amawakonda, koma kwa wokalamba amayambitsa zilonda za m'mimba, amaononga impso ndi kukweza BP. Chimbudzi chikada ngati makala, asiye kumwa, thamangirani nawo kuchipatala.

Ululu ukakula zedi, monga wa khansa, pali morphine wamadzi. Kupatsidwa morphine sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kutisiya. Amapereka m'malo ngati Tiyanjane ku chipatala cha Queens ku Blantyre kapena Ndi Moyo ku Salima, ndi m'zipatala zina za boma. Amadzimbitsa, choncho pemphaninso mankhwala ofewetsa m'mimba, muziwapatsa mapapaya ndi madzi okwanira.

Musawagoneke tsiku lonse poganiza kuti mukuwachitira chifundo. Bondo losayenda limauma. Aziyenda pang'ono pabwalo, ndodo aigwire kudzanja la mbali imene sikuwawa, muwapezere mpando m'malo mwa mkeka, ndi kuwathowa ndi nsalu yofunda.

Koma msana ukamawawa usiku ngakhale atagona, akuonda, miyendo ikufooka kapena mkodzo ukungotuluka wokha, musadikire tsiku limene anawauza kuti adzapite kuchipatala. Pitani nawo lero lomwe.