Malangizo a Oyamba Kusewenzetsa Foni ya Intaneti

Malangizo awa ndi a munthu amene wagwira foni ya sikirini yokhudza ndi cala kwa nthawi yoyamba, makamaka foni ya Android. Eni iPhone adzapeza kuti mfundo zake ndi zomwezo, kungoti maina a zinthu zina ndi malo amene zili asiyana. Popeza mafoni ambiri amalemba zonse m'Cingelezi, maina a mabatani tawasiya monga momwe aonekera pa sikirini, cifukwa kuwamasulira kungacititse kuti muzifunafuna liu limene mulibe m'foni mwanu.

Za kuika SIM khadi, kuchaja batire ndi kuyatsa foni sitinenapo zambiri, pakuti kapepala ka m'bokosi kaonetsa zimenezi ndi zithunzi. Cenjezo ndi limodzi cabe: kathireyi ka SIM kamatuluka mukabaya kaboo kake ndi kacitsulo kamene kabwera ndi foni, koma pa mafoni ena kaboo ka maikolofoni kamafanana nako kwambiri, ndiye yang'anitsitsani musanabaye. Foni ikayaka, mudzailamulira mwa kukhudza kamodzi kuti mutsegule cinthu, mwa kusiya cala pamalo amodzi kwa kanthawi kuti patuluke zosankha zina, ndi mwa kukoka cala pa sikirini kuti muone zimene zili pansi kapena pambali. Sikirini imamva khungu la cala, motero kukanikiza mwamphamvu sikuthandiza kanthu. Kacizindikiro kooneka ngati gudumu la mano ndiko Settings, ndipo pafupifupi zonse zimene tidzachula pano zimapezeka mmenemo.

Foni yatsopano idzakupemphani kulowa mu akaunti ya Google kapena kutsegula yatsopano. Liu lakuti akaunti limasokoneza ambiri cifukwa analizolowera ku banki, ndiye amaopa kuti adulidwa ndalama. Pano litanthauza dzina limene kampani ya Google imakudziwirani, pamodzi ndi mau acinsinsi otsimikizira kuti ndinudi. Kutsegula kwake ndi kwaulere, ndipo akauntiyo imabwera ndi adiresi ya imelo ya Gmail ndi malo okwana 15 GB osungiramo makalata, zithunzi ndi zolemba. Malowa sali m'foni yanu. Ali pa makompyuta a kampaniyo, ndipo ndico cifukwa cake manambala a abale amene munasungira mu akaunti amabwerera onse mukalowa nayo m'foni ina. Conco posunga nambala ya munthu, foni ikakufunsani kosungira, sankhani akaunti.

Apa ndipo oyamba ambiri amalakwira pa tsiku loyamba lomwe. Amapatsa foni wogulitsa kapena mwana wa m'nyumba kuti awakonzere, iye natsegula akaunti mofulumira, kulemba mau acinsinsi a m'mutu mwake, ndi kubweza foni ikugwira nchito. Pakapita caka foni ija imavuta, wokonza amaifufuta yonse kuti iyambirenso, ndipo poyaka imafunsa akaunti imene inalimo kale. Mafoni a Android anapangidwa dala motero kuti wakuba asamangofufuta foni ndi kuigulitsa, koma citetezo comweco cimatsekeranso kunja mwini wake amene sadziwa akaunti yake. Ine ndinaona mkulu wina akusunga m'kabati foni yabwinobwino pa cifukwa cimeneci, pamene woitsegulira uja anali atasamukira kutali ndipo mauwo anawaiwala kale. Kuthandizidwa sikulakwa, koma khalani pomwepo, sankhani nokha mau acinsinsi, ndipo lembani adiresi ndi mauwo m'buku limene limakhala kunyumba. Google imafuna kuti mauwo akhale ndi zilembo zosacepera 8. Kusakaniza zilembo ndi manambala kumawalimbitsa, ndipo dzina la mwana kapena caka cobadwa ndizo zimene munthu wokudziwani amayamba kuyesa.

Tsopano tifike pa nkhani ya makiyi, imene ifuna kufatsa, cifukwa m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku anthu amachula zonse kuti PIN pamene zili zinthu zosiyana. Kiyi yoyamba ndi yotsekera sikirini, imene ingakhale manambala, mzere wojambula polumikiza timadontho, cidindo ca cala kapena nkhope yanu. Imeneyi mumaiika nokha mu Settings, ndipo imaletsa wotola foni kuona za mkati. Ngakhale musankhe cala kapena nkhope, foni imafunabe manambala kapena mzere uja nthawi iliyonse ikazimitsidwa ndi kuyatsidwanso, ndiye musawaiwale poganiza kuti cala cakwanira.

Kiyi yaciwiri ndi PIN ya SIM khadi, imene ndi ya khadi lenilenilo ndipo imayenda nalo ngakhale mulisamutsire m'foni ina. Mukailakwitsa katatu motsatizana, khadi limadzitseka ndi kufunsa PUK, nambala ya manambala 8 imene kawirikawiri imalembedwa pa pulasitiki yaikulu ija imene munathyolapo khadi. Musayese kulota PUK. Mukailakwitsa ka 10, khadi limafa kotheratu ndipo mufunika kukatenga lina ku kampani ya netiweki yanu. Pulasitiki ija ambiri amaitaya tsiku lomwelo, koma ndi yofunika kusunga. Ngati mumasunga ndalama pa foni, PIN ya ndalamazo ndi kiyi inanso yapayokha, ndipo si bwino kuti ifanane ndi ya sikirini, pakuti ya sikirini mumailemba kambirimbiri anthu akuona.

Kiyi yovuta kumasulira ndi ija imene imabwera pa meseji ndipo imagwira nchito kamodzi kokha. M'mafoni imalembedwa kuti code kapena OTP, ndipo pano tidzaicha khodi. Mukamaika WhatsApp, mwacitsanzo, mumalemba nambala yanu ya foni, ndipo mumalandira khodi ya manambala 6 yotsimikizira kuti nambalayo ili m'manja mwanu. Aliyense amene walemba khodiyo m'foni mwake ndiye amatenga WhatsApp yanu. Akuba amadziwa zimenezi, motero amalemba nambala yanu m'foni mwao, khodi imabwera kwa inu, kenaka amakulemberani kapena kukuimbirani mwaulemu kuti anatumiza khodi yao kwa inu molakwitsa, kapena kuti ndi a ku ofesi ndipo afuna kukonza cina cake. Nthawi zina uthengawo umacokera pa nambala ya mnzanu weniweni amene anamubera kale. Mukangowawerengera manambalawo, amayamba kulembera abale anu m'dzina lanu kupempha thandizo la ndalama. Khodi imene simunaipemphe nokha musaiuze munthu aliyense, kaya adzichule ndi udindo wotani. Kuti muonjezere citetezo, tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, kenaka Account, ndi kusankha Two-step verification, kumene mudzaika PIN yanuyanu ya manambala 6. Ikaniponso adiresi ya imelo, cifukwa mukaiwala PIN imeneyi popanda imelo mudzadikira masiku 7 musanaisinthe.

Liu lakuti data lili ndi matanthauzo awiri m'foni, ndipo kusiyanitsa kwake kungakupulumutseni. Pamene palembedwa Mobile data, atanthauza intaneti imene mumagula ku netiweki monga bando, yoyezedwa m'ma MB ndi ma GB, ndipo GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000. Koma pamene palembedwa Clear data kapena Erase all data, atanthauza zinthu zanu zosungidwa, monga mauthenga ndi zithunzi. Alipo amene amakhudza batani lotere poganiza kuti akucepetsa kadyedwe ka bando, nafufuta zao zonse. Mukaona mau amenewa, bwererani m'mbuyo kufikira mutafunsa wodziwa.

Mauthenga olemba amadya data yocepa kwambiri, zithunzi zimadya yoculukirapo, koma mavidiyo ndiwo amamaliza bando. Yambiri imathanso inu osagwira foni, cifukwa mapulogalamu amadzikonza okha ndi kutsitsa zinthu mwakacetecete. Mu WhatsApp pitani pa Settings, kenaka Storage and data, ndi kuletsa mavidiyo kudzitsitsa okha; amene ali m'magulu aakulu adzaona kusintha msanga. Mu Play Store, mmene mumatengedwa mapulogalamu a foni, lamulani kuti mapulogalamu azidzikonza pa Wi-Fi pokha, ndipo mu Settings ya foni yatsani Data saver. Wi-Fi ndi intaneti yocokera ku kabokosi ka m'nyumba kapena ka pa nchito, ndipo mukalumikizidwa nayo bando yanu siikhudzidwa. Pamwamba pa sikirini, pafupi ndi timizere ta netiweki, pamaoneka cilembo cosonyeza liwiro: E ndi yocedwa kwambiri, H ndi ya pakati, pamene 4G, LTE ndi 5G ndi zothamanga. Tsamba likakana kutseguka pamene pali E, foni siinaonongeke.

Mapulogalamu, amene ambiri amangoti maapu, atengeni mu Play Store, kapena mu App Store ngati muli ndi iPhone. Kutsitsa ndiko kubweretsa cinthu kucokera pa intaneti kulowa m'foni, ndipo kuika ndiko kucikhazika kuti ciyambe kugwira nchito. Batani la Install limacita zonse ziwiri. Fayilo yothera ndi zilembo apk imene munthu wakutumizirani pa meseji ndi pulogalamu yodzera kumbali, ndipo woyamba kumene aisiye osaitsegula. Pulogalamu ikaikidwa imapempha zilolezo, ndipo apa buku la malangizo limangoti sankhani Allow (kulola) kapena Deny kaya Don't allow (kukana), osanena coyenera kusankha. Muyezo wake ndi kuganizira nchito ya pulogalamuyo. Ya mapu ifunikadi kudziwa pamene muli, ndipo yoimbira mavidiyo ifunika kamera ndi maikolofoni, koma ya tochi kapena ya masewera ilibe nazo nchito nambala za abale anu ndi mameseji anu. Cenjerani makamaka ndi mapulogalamu ena obwereketsa ndalama amene amapempha kuona manambala onse, pakuti alipo amene pambuyo pake amalembera anthu amenewo kuti akucititseni manyazi. Cilolezo cimene munapereka kale mungacilande mu Settings, pansi pa Apps.

Pofufuza zinthu pa intaneti mudzasewenzetsa pulogalamu monga Chrome. Lembani funso lanu m'kabokosi ka pamwamba, kapena khudzani kamaikolofoni ndi kulankhula. Zotsatira zolembedwa Sponsored kapena Ad ndi zotsatsa malonda zimene eni ake analipira kuti zikhale pamwamba. Linki ndi mau, kawirikawiri abuluu, amene mukawakhudza amakupititsani ku tsamba lina, ndipo musanalembe mau acinsinsi pa tsamba lililonse werengani adiresi yake cilembo ndi cilembo, cifukwa masamba abodza amasintha cilembo cimodzi cabe pa dzina lodziwika. Malangizo akale anali kunena kuti kaloko ka pafupi ndi adiresi kasonyeza tsamba lodalirika. Kwenikweni kalokoko, pamodzi ndi zilembo https, kamangotanthauza kuti zimene mutumiza zabisika panjira, ndipo tsamba la wakuba nalonso lingakhale nako. Anthu anakamvetsa molakwa kwa nthawi yaitali moti mu 2023 Chrome inakacotsa ndi kuikapo cizindikiro cina.

Batire ya foni yamakono siifuna kuti ithe kotheratu musanaichaje, ndipo imadana ndi kutentha, conco musaisiye padzuwa kapena pansi pa pilo ikuchajidwa. Ikatupa mpaka kukankha sikirini kapena cikuto, lekani kuisewenzetsa ndipo musaibaye.

Cotsala ndi kukonzekera tsiku limene foni ingatayike. Tsegulani poimbira foni ndi kulemba *#06#, ndipo padzaoneka nambala ya manambala 15 yochedwa IMEI, imene ndi ya foni yanu yokha. Foni ya SIM ziwiri imaonetsa ziwiri. Ilembeni m'buku lomwe lija, cifukwa apolisi ndi kampani ya netiweki angaifune. Foni ikasowa, yambani ndi kupempha netiweki kuti itseke SIM khadi, popeza makhodi onse aja amabwerera pa nambala imeneyo. Kenaka, pa foni kapena kompyuta ya munthu wina, tsegulani android.com/find ndi kulowa ndi akaunti yanu ya Google. Ngati foni yotayikayo ili yoyaka ndi yolumikizidwa, mungaone pamene ili pa mapu, kuiliza ngakhale inatsekedwa mau, kuitseka, kapena kufufuta zonse zili mkati. Mukamaliza, tulukani mu akauntiyo musanabweze foni ya mwini wake.