Kupeza ndalama za kafukufuku ku mabungwe oona za ukhondo wa chakudya

Wofufuza wa ku Mzuni ayambire pati? Choyamba siyanitsani njira ziwiri. Pa thandizo la ndalama, funso ndi lanu, mwachitsanzo kuchuluka kwa aflatoxin (poizoni wobwera ndi chuku) mu mtedza wa mumsika wa Mzuzu. Pa kontalakiti, bungwe ndilo limatchula ntchito, ndipo limalipira mukapereka zomwe munagwirizana.

Kenako onani ngati ndinu ololedwa. EFSA ya ku Parma ku Italy (bungwe la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya loona za ukhondo wa chakudya) imathandiza mabungwe okhawo osankhidwa ndi mayiko a ku Ulaya, musavutike nayo. FDA ya ku America (bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala) imalengeza za thandizo la ndalama pa webusaiti ya Grants.gov, werengani ngati chilengezocho chikulola akunja. Yunivesite iyambe yalembetsa pa SAM.gov (webusaiti yolembetsera mabungwe ofuna ndalama za boma la America), zimatenga masabata, ndipo ambiri tsiku lotsekera limawapitirira apa.

Potumiza ndondomeko ndi bajeti, ululani ngati kampani ya zakudya inakulipiranipo. Mukabisa, zotsatira zanu palibe adzazikhulupirire.