Kusoka jampusuti pakhomo, yoti uvale kuno ku chigwa cha Shire osapsa nayo

Amayi anzanga ndi atsikana amene muli ndi makina pakhomo, kaya ndi Singer ya agogo yopalasa ndi mapazi ija kaya Butterfly yopukusa ndi dzanja, jampusuti musamaiope. Ndi thalauza ndi bulauzi basi zolumikizidwa m'chiuno, ngati ziwirizi munasokapo ndiye kuti ntchito yambiri mukuidziwa kale. Vuto ndi masitayilo amene timaona pa Facebook ndi pa TikTok, ambiri ndi a anthu okhala kozizira, othina thupi lonse, zipi kumsana, nsalu yonyezimira ya poliyesitala. Ku Blantyre mwina zitheka koma mukangotsika mapiri aja kufika pa Thabwa mwezi wa Okutobala, kutentha kukupitirira madigiri 40, chovala chotere ndi chilango ndithu. Ndiye ine ndifotokoza ya kuno kwathu, yotakasuka, yosavuta kuvula, yoti ukwere nayo kabaza pa Nchalo osamva kukoka pena paliponse.

Tiyambe ndi nsalu. Ya thonje basi, kapena linen ngati mwaipeza pa kaunjika, viscose nayo imazizira bwino koma imaterera posoka ndiye ongoyamba kumene ayambe aisiya. Zoseketsa zake thonjelo timalima ndife konkuno ku Ngabu ndi ku Bangula koma zitenje zambiri zotchipa zimene zadzaza m'misikamu ndi pulasitiki yekhayekha. Wogulitsa aliyense amati ndi kotoni. Ngati mukukayika sololani ulusi pang'ono kumapeto kwa nsaluyo muyatse ndi machesi, wa thonje umayaka msanga, umanunkha pepala lopsa ndipo umasiya phulusa loti mukalifikisa ndi zala limangotha. Wa poliyesitala umakhwinyata kuthawa moto, umasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Mukaona kambulu kameneko nsaluyo isiyeni, kapena mugule yokafunda ku maliro, osati yosoketsa.

Chitenje chimodzi cha mamita awiri sichikwana munthu wamkulu, musanamizidwe. Konzani mamita anayi, makamaka ngati mukufuna miyendo yotambalala ndi matumba, zotsala zidzakhala duku. Mukafika nayo kunyumba ichapeni kaye musanadule, nsalu ya thonje imafupika ikalawa madzi koyamba ndipo jampusuti ikafupika mulibe pothawira. Yanikani pamthunzi, dzuwa lathu lino limasulutsa mtundu msanga, kenako sitani. Simbi yamakala ili bwinobwino bola muziyang'anira phulusa.

Tsopano miyezo, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chifuwa, chiuno, mahipi ndi kutalika kwa mwendo aliyense amayeza, koma pali miyezo iwiri imene anthu amaidumpha ndipo ndi imene imachititsa kuti jampusuti izikudula pakati pa miyendo ukangokweza manja. Mangani kachingwe m'chiuno pamene mukufuna lasitiki adzakhale. Khalani pampando wathabwa, osati pa sofa, msana chilili, mnzanu ayeze cham'mbali kuchoka pa kachingwe kaja kufika pa thabwa. Pamenepo onjezerani inchi imodzi ndi theka, kumeneko ndiko kuya kwa thalauza lanu. Wachiwiri, ikani mutu wa tepi paphewa pafupi ndi khosi, itsike kutsogolo, idutse pakati pa miyendo, ikwere kumsana mpaka ifikenso paphewa pomwepo. Nambala imeneyo onjezerani mainchesi atatu muilembe penapake, mukamaliza kudula mapepala a patani, aja ojambulapo zidutswa za chovala, mudzayezenso pa mapepalawo njira yomweyo ndipo isachepere pamenepo. Kutalikitsa n'kosavuta kukonza, umangokweza msoko wa m'chiuno. Kufupikitsa ndiye basi yapita, mpatseni mng'ono wanu.

Patani yogula sitikuifuna. Tengani thalauza limene mumakhala nalo momasuka, losatamuka, osati jinzi yothina kapena legingi. Litembenuzeni, lowetsani mwendo umodzi mkati mwa unzake, mukatero mpindiko wa pakati pa miyendo uja umaoneka bwino wonse. Goneketsani pa nyuzipepala zolumikiza kapena pepala lakhaki, jambulani kutsogolo pakokha, kumbuyo pakokha. Musachite ulesi wojambula mbali imodzi n'kudula zinayi zofanana ayi, mpindiko wakumbuyo umakhala wautali komanso wakuya chifukwa ndi umene umanyamula matako, ndipo ife ambiri kumbuyoku Mulungu sanatimane. Bulauzi nayonso chimodzimodzi, pindani pakati, jambulani kutsogolo ndi kumbuyo, kutalika kwake kupitirire pachiuno ndi mainchesi awiri kapena atatu kuti idzagwere pang'ono pamwamba pa lasitiki. Mbali zonse siyani malo a msoko, theka la inchi n'kupitirirako pang'ono, m'chiuno inchi imodzi ndi kota, kumiyendo kumunsi siyani mainchesi awiri opinda.

Chinthu china choti mugwire bwino musanagwire sizasi: jampusuti siivalidwa kudzera kumutu, umalowetsa miyendo kuchokera kukhosi. Ndiye kuti mahipi anu akuyenera kudutsa potsegula pakhosi paja komanso m'chiuno mwa chovalacho. Choncho m'chiuno musadule motsata chiuno chanu, dulani motsata mahipi kuonjezerapo mainchesi awiri kapena kuposa, pamwamba ndi pamunsi pomwe zifanane, lasitiki ndi amene adzabweze. Ine ndimakonda m'mahipi mukhale mpata wa mainchesi anayi, mphepo izilowa.

Potsegula ikani kutsogolo. Izi ndimakangana nazo ndi atsikana ambiri chifukwa zipi wakumsana amaoneka bwino pa chithunzi, koma taganizani muli ku ukwati ku Nsanje, mwamwa madzi ambiri ndi kutenthaku, chimbudzi ndi chokumba, chitseko ndi chiguduli, thukuta lamata nsalu kumsana ndipo muli nokha kulimbana ndi zipi amene dzanja silikumufikira. Mabatani kutsogolo kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno ndiye yankho, kapena zipi wa mainchesi 20 kapena 22 wodutsa pachiuno kutsika pang'ono. Ndipo mukamavula m'malo oterowo yambani mwapinda miyendo mpaka m'mawondo, zakumtunda muzisonkhanitse kutsogolo m'dzanja limodzi, manja a chovala asakhudze pansi. N'chifukwa chakenso ndimati manja akhale aafupi kapena asakhalepo.

Podula yalani nsalu pamkeka kapena pa simenti yosesa bwino, mapepala agone motsata utali wa nsalu, kufanana ndi m'mphepete molimba muja. Mukapendeketsa kuti musunge nsalu mwendo umadzapotoka ukachapidwa, msoko wam'mbali n'kubwera kutsogolo kwa bondo. Yang'ananinso maluwa, ngati chitenje chili ndi mbalame kapena miphika zonse ziyang'ane kumwamba, ndipo duwa lalikulu lisagwere pakati penipeni pa matako kapena pamphechepeche, anthu a pa msika sakhululuka. Lembani ndi choko kapena kachidutswa ka sopo kouma.

Kusoka kwake kumayenda chonchi. Singano nambala 14 pa chitenje, 16 ngati ndi jinzi. Ngati mukufuna matumba am'mbali yambani ndi amenewo. Kenako bulauzi, mapewa, m'mbali, malo a mabatani, khosi ndi m'khwapa muzipinde ndi kansalu kodula mopingasa kuti kazitha kukhota. Thalauza sokani mwendo uliwonse pawokha, msoko wakunja ndi wamkati, mukatero tembenuzani umodzi muulowetse mwa unzake kunja kwa nsalu kutayang'anizana, musoke mpindiko wonse ulendo umodzi kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo. Pamenepa bwerezani kawiri, ndi pamene pamang'ambika ukamakwera njinga. Makina athu akalewa alibe zigizagi ndipo ovaloko, makina omanga m'mphepete mwa nsalu kuti isanyenyeke, si aliyense ali nayo, ndiye pa misoko yowongoka chitani wobisa uja: sokani kaye kunja kwa nsalu kuli kunja, kamsoko kakang'ono, chepetsani ndi sizasi, tembenuzani, sitani, sokaninso mokulirapo kuti zonyenyeka zija zitsekeredwe mkati. Zimadya nthawi koma chovala chochapidwa pafupipafupi ngati chathu kuno chimafuna zimenezo.

Musanalumikize pamwamba ndi pamunsi ndi makina, gwirizitsani ndi singano yamanja misoko italiitali, muvale. Kwezani manja onse, weramani ngati mukutola kanthu, nyonyomalani, khalani pansi pamkeka mutatambasula miyendo. Pakakoka masulani mutsitse msoko wa m'chiuno, pakalendewera kwambiri kwezani. Mukakhutira sokani ndi makina kusiya mpata wa inchi imodzi ndi kota, mpata womwewo muugonetse n'kuusokerera kuti ukhale njira ya lasitiki. Lasitiki wa inchi imodzi, wofupikirapo ndi mainchesi awiri kuyerekeza ndi chiuno chanu, mulowetseni ndi sefiti pini. Wothina kwambiri ayi, ndi thukuta amatulutsa nsungu m'chiuno.

Koma kunena zoona njira imene ndimaikonda kwambiri si ya nsalu yatsopano, ndi ya zovala zakale. Shati ya abambo akunyumba imene kolala yake yatha kapena ya pa kaunjika ya saizi yaikulu imakupatsani zonse zovuta zitasokedwa kale, mabatani, mabowo ake, mapewa, nthawi zina ndi thumba lomwe. Musanagule iyang'anitseni padzuwa, m'khwapa ndi kumsana ngati kuwala kukudutsa kwambiri ndiye kuti yatha, isiyeni. Ivaleni, lembani pachiuno, dulani mainchesi atatu kumunsi kwa mzerewo. Manja achotseni ndi lezala mosamala, chepetsani phewa lifike pamene phewa lanu lathera, m'khwapa mubwezeko pang'ono kuti bra isamaonekere, koma kumunsi musachepetse kuposa mahipi anu, kumbukirani zija ndanena. Kolala ikakhala yoperepeseka chotsani yakumtunda yokha musiye kakhosi koimirira kaja, kamaoneka bwino zedi. Kumunsi lumikizani thalauza la chitenje, apa mamita awiri akwana kwa ambiri, ndipo zidutswa zotsala mupindire m'khwapa ndi pathumba kuti ziwirizi zioneke kuti ndi chovala chimodzi osati zongokumana panjira. Manja munachotsa aja amatuluka matumba awiri abwinobwino.

Diresi lalitali lotambalala nalonso limasanduka jampusuti koma apa ambiri amaononga. Amangodula pakati kuchoka pansi n'kusoka miyendo iwiri, kenako akudabwa kuti sakutha kuponya mwendo. Diresi lilibe nsalu ya pakati pa miyendo, muyenera kuiika nokha. Livaleni, mnzanu aike pini kutsogolo ndi kumbuyo mainchesi atatu kumunsi kwa pamene miyendo yanu yagawanikira, muone ngati theka lililonse lingazungulire ntchafu momasuka, ngati silingathe lisiyeni likhale diresi. Dulani pakati mpaka pa pini, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo bola kudula mochepa poyamba. Pamene mizere yakumana sokererani kachigamba ka makona anayi kosongoka kutsogolo ndi kumbuyo, mainchesi asanu kapena asanu ndi imodzi mbali iliyonse, kochokera ku mpendero wa diresi lomwelo. Musaiwalenso kuti diresi lija mumalivala kudzera kumutu, tsopano njira imeneyo yatsekeka, ndiye ngati khosi ndi laling'ono mutsegule kutsogolo muike mabatani kapena mapewa akhale omanga ndi zingwe.

Mabedishiti a pa kaunjika musawadutse, a thonje aja, ndi otambalala kuposa chitenje ndipo ndi abwino kuphunzirirapo musanadule nsalu yodula. Ikatuluka bwino ndi yovala pakhomo madzulo, miyendo yaitali imathandizako ndi udzudzu wa m'mbali mwa Shire.

Za kumene mungavale, aliyense amadziwa kwawo. Amayi athu anakula nthawi ya Kamuzu pamene lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza, ndiye apongozi akakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi musadabwe. Kumudzi, kutchalitchi kapena pamaliro ingomangani chitenje pamwamba, kumtundaku imangooneka ngati bulauzi, palibe angadziwe.

Mpendero wa miyendo ndiye womalizira, mupinde mutavala nsapato zimene muzidzavalira. Ngati mumayenda pa kabaza kapena mumapalasa nokha, miyendo ithere pa akakolo ndipo isatambalale mopitirira, nsalu yolendewera imakodwa mu tcheni ndi m'masipoko, girisi wake pa chitenje sachoka ndi sopo wamba. Amene mukufunabe yotambalala kwambiri lowetsani kachingwe mu mpenderomo, pokwera njinga muzikoka n'kumanga, mukatsika n'kumasula.