Momwe mungayezere nitrate m'madzi a pamjigo pogwiritsa ntchito kuwala

Popeza madzi ochokera ku Morton Jaffray, malo oyeretsera madzi a mzinda wa Harare ku Zimbabwe, safika m'mipopi tsiku lililonse, mabanja ambiri ku Mbare, Epworth ndi Dzivarasekwa amadalira mijigo ndi zitsime, ndipo zina zili pafupi ndi zimbudzi zokumba kapena mapaipi a suweji ophulika. Zonyansazi zimalowetsa nitrate m'madzi, yemwe saoneka ndi maso koma amalepheretsa magazi a makanda kunyamula mpweya wabwino, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Ophunzira amene ali ndi mwayi wolowa mu labotale angathe kumuyeza ndi makina a spectrophotometer, omwe amawerenga kuchuluka kwa kuwala kumene madzi ameza.

Yatsani makinawo mphindi 20 musanayambe kuti nyale yake ikhazikike. Sefani madzi anu, ndipo pa mamililita 50 alionse muthiremo mililita imodzi ya asidi wa hydrochloric wa mphamvu ya 1 N. Gwiritsani ntchito cuvette (kabotolo koikamo madzi m'makinawo) ya quartz ya sentimita imodzi, chifukwa galasi wamba limameza kuwala kwa ultraviolet kumene tikufuna kuyezako. Muigwire m'mbali zake zosawala ndi kuipukuta bwino, pakuti chidindo cha chala chimodzi chokha chimasokoneza kawerengedwe.

Yambani ndi madzi a distilled (oyeretsedwa kotheratu) othiridwanso asidi kuti makina akhale pa ziro. Kenako yezani pa 220 nm (nanomita, muyezo wa utali wa mafunde a kuwala) madzi angapo amene mwasungunulamo potassium nitrate wa mlingo wodziwika, ndi kujambula girafu. Malinga ndi lamulo la Beer-Lambert, kuwala komezedwa kumakwera mofanana ndi kuchuluka kwa nitrate, choncho madontho anu ayenera kupanga mzere wowongoka; akapanda kutero, konzaninso madzi oyerekezerawo musanapitirire.

Tsopano yezani madzi a pamjigo pa 220 nm, kenakonso pa 275 nm. Gawo lachiwirili musalidumphe, chifukwa zinthu zowola zosungunuka m'madzi zimamezanso kuwala pa 220 nm, pomwe nitrate sameza pa 275 nm. Chulukitsani kawiri nambala yachiwiriyo ndi kuichotsa pa yoyamba, ndipo ngati mwachotsa zoposa 10 peresenti ya nambala yoyambayo, madziwo akufunika njira ina yoyezera. Nambala ikapitirira girafu yanu, onjezerani madzi a distilled a muyezo wodziwika ndi kuyezanso.

Malire a bungwe la World Health Organization ndi mamiligiramu 50 a nitrate pa lita. Ngati girafu yanu ikuwerenga nitrogen yekha wa mu nitrate, chulukitsani yankho ndi 4.43 musanayerekeze, chifukwa madzi oonetsa 15 angaoneke abwino pomwe apyola kale malire.