Role yatsopano mu Redmine inkakana kutseka ntchito

Ndinapanga role (udindo wokhala ndi zilolezo zake) yatsopano ya anyamata okonza makompyuta mu Redmine ya ku ofesi kwathu, pulogalamu yolondolera mmene ntchito zikuyendera. M'mawa mwake madandaulo ali mbwee: ntchito amaliza, koma status siyikusuntha pa New. Kwa ine zonse zinkayenda, choncho ndinayamba kuwakayikira iwowo. Zamanyazi ndithu, poti admin ngati ine amagwiritsa ntchito workflow (malamulo osinthira status) ya ma role onse, vutolo sangalione.

Ndinataya ola lathunthu pa Roles and permissions, kumene Edit issues (chilolezo chosintha ntchito) inali yochongedwa kale. Kulakwa kunali kwanga: popanga role sindinasankhe kanthu pa Copy workflow from, ndiye role yatsopanoyo inalibe workflow.

Ndinalowa pa Administration, kenako Workflow, n'kukopera workflow ya role ya Developer pa tracker (mtundu wa ntchito) iliyonse. Kenako ndinayesa ndi akaunti wamba, Closed n'kuonekera.