Kuyeza kutentha kwa gasi poona kunenepa kwa mzere wa kuwala

Gasi amene ali kutali kapena wotentha kwambiri simungamupise thermometer ayi, ndiye timangofunsa kuwala komwe iyeyo akutulutsa. Maatomu akatentha amathamanga, ena kubwera kumene muli ena kuthawa, ndipo chifukwa cha Doppler (kusintha kwa wavelength, kutalika kwa funde la kuwala, chinthu chikamayenda) mzere umene ukanakhala wowonda pa spectrum, kuwala kogawidwa m'mitundu yake, umanenepa. Kunenepako ndi kumene timayeza basi.

Koma ndi kochepetsetsatu. Tengani mzere wofiira wa okosijeni wa 630.0 nm, uja umawala usiku kumwamba cha pa makilomita 250: pa 1000 K (kelvin) m'lifupi mwake ndi 3.6 pm yokha (picometer, 1000 pm ndi 1 nm), spectrometer wamba sangaione. Nchifukwa chake timagwiritsa ntchito Fabry-Perot, kachipangizo ka Charles Fabry ndi Alfred Perot ka m'ma 1899, magalasi awiri oyang'anizana omwe kuwala kumanjanja pakati pawo kenako pa kamera pamatuluka mphete zowala. Kukhuthala kwa mphete iliyonse ndiye kukuuzani za mzere uja.

Musanayambe onani mpata wa magalasiwo. Free spectral range, mtunda wa wavelength pakati pa mphete ina ndi yotsatira, ndi λ² kugawa ndi 2d (λ ndi wavelength, d ndi mpata wa magalasi) ngati pakati pali mpweya, ndiye mpata wa 1.5 cm pa 630 nm ukupatsani 13 pm. Imeneyi ikhale yoposa mzere wanu kangapo, apo ayi mphete zimakwerana ndipo simudziwa pomwe ina yathera.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo. Chipangizo nachonso chimanenepetsa mzere pachokha, olo muupatse kuwala kowonda bwanji. Ndiye yambani ndi laser ya He-Ne (helium ndi neon) ya 632.8 nm, yokhazikika bwino, mujambule mphete zake, m'lifupi mwa zimenezo ndi mwa chipangizo osati mwa gasi. Mukatero jambulani gasi wanu osakhudzanso kalikonse, ngakhale focus, ndipo laser ija muziibwereza pafupipafupi poti chipinda chikasintha kutentha mpata wa magalasi umasuntha.

Masamu ake savuta: Δλ = 7.16 × 10⁻⁷ × λ × √(T/M), T mu kelvin, M ndi kulemera kwa atomu, 16 kwa okosijeni, ndipo Δλ ndi m'lifupi poyezera pa theka la msinkhu wa mzere. Tiyerekeze mwapeza 4.4 pm ndipo laser inakupatsani 2.5 pm. Osangochotsera 2.5 pa 4.4 ayi, ngati zonse ndi za Gaussian (maonekedwe onga belu) mumachotsera ma square, 19.36 kuchotsa 6.25, root yake 3.6 pm, T ikubwera cha pa 1030 K. Mukaiwala kuchotsa za chipangizo mupeza 1520 K, gasi yemweyo eti. T imayenda ndi square ya m'lifupi, ndiye kuphonya ndi 5 peresenti poyeza ndi 10 peresenti pa kutentha.

Kunena zoona njira ya ma square ija ndi yongoyerekeza fasiti, chifukwa Fabry-Perot imapereka maonekedwe ena otchedwa Airy function osati Gaussian. Ine ndimakonda kutenga maonekedwe a laser momwe alili, kuwaphatikiza ndi Gaussian pa kompyuta, nkumasinthasintha T mpaka zigwirizane ndi deta.

Yang'ananinso m'mbali mwa mzere. Ngati mapiko ake ndi otambalala kuposa Gaussian ndiye kuti maatomu akugundana, presha yakwera, pamenepo mufunika Voigt, maonekedwe ophatikiza ziwirizi, kuti mulekanitse mbali ya Lorentz (ya kugundanako) ndi ya Doppler, kutentha kuli m'mbali ya Doppler yokha. Mu plasma (gasi amene maatomu ake ataya ma electron) mizere ya haidrojeni imanenepa ndi Stark, mphamvu ya magetsi ya tinthu toyandikana nato, musaikhulupirire msanga. Komanso gasi akakhala wothithikana amameza kuwala kwake komwe pakatikati pa mzere, nsonga imaphwatalala, mzere nkuoneka wonenepa mwabodza. Zikatero sankhani mzere wina wofookerapo wa atomu yomweyo muyambirenso.