Kukongoletsa panja pa nyumba ndi magetsi a Khirisimasi mvula ili mkati

Ine magetsi a Khirisimasi ndimawakonda kwabasi, Disembala akangolowa ndimatulutsa katoni yanga n'kuyamba kumasula mawaya ana atandizungulira. Koma tisanakwere makwerero tiyeni tigwirizane chinthu chimodzi abale anga, kuno kwathu Khirisimasi imabwera mkati mwa dzinja, ndiye chilichonse chomwe mupachike panja chinyowa basi, kaya lero kaya mawa. Nyumba zowala zomwe timaziona pa Facebook zija zambiri ndi za kunja komwe nthawi ya Khirisimasi kumazizira, ife kuno ndi mvula yamabingu, madenga ambiri ndi a malata, mageti ndi achitsulo, ana amathamanga opanda nsapato pabwalo ponyowa. Ntchito yonseyi muziipanga mukuganiza za madzi.

Poyamba ndi pogula. Musangoona kuti akuthwanima bwino mushopu n'kutulutsa ndalama, tembenuzani paketi muwerenge. Magetsi apanja amalembedwa IP44 kapena nambala yoposa apo ngati IP65. IP44 ndiye kuti madzi owaza sangawaononge, IP65 amapirira ngakhale madzi othamanga. Mukaona IP20 kapena kachithunzi ka kanyumba, amenewo ndi a m'nyumba, a pa mtengo wa pabalaza, asatuluke panja olo pakhonde pomwe mvula imawomba. Chaka china ndinagula amene wogulitsa anandiuza ndi pakamwa chabe kuti ndi apanja, paketi inalibe chilembo chilichonse, usiku wa pa 23 kunagwa chimvula, madzi analowa mu kabokosi kosinthira kathwanimidwe kaja ndipo magetsi a nyumba yonse anathima, tinakhala mumdima mpaka nditapeza chomwe chikugwetsa swichi yayikulu. Kuyambira pamenepo ngati sipanalembedwe sindigula.

Gulani a LED, asiyeni a mababu akale aja. A LED satentha kwambiri, sadya mayunitsi ambiri, ndipo ambiri amabwera ndi ka transformer papulagi kotsitsa mphamvu, zomwe zikutanthauza kuti mu waya wopita panjayo mumadutsa magetsi ochepa kwambiri. Amenewa ndi omwe ndimawakhulupirira pakhomo pomwe pali ana. Kungoti ka transformer kameneka nthawi zambiri sikafuna madzi, kakhale m'nyumba, panja pazingotuluka waya yekha.

Ndiye pali nkhani ya magetsi otumiziridwa ndi achibale. Athu kuno ndi 230V ndipo masoketi athu ndi a mano atatu amakona ngati a ku UK, choncho ochokera ku UK mumangolowetsa n'kuyatsa. A ku Joni mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu koma pulagi yake ndi ya mano ozungulira, pamafunika adaputa yabwino, osati kukankha pulagi mu soketi ndi kamtengo. Koma a ku America samalani nawo, kumeneko amagwiritsa ntchito 120V, mukawalowetsa kuno amapsa nthawi yomweyo. Onani pomwe alemba mphamvu, akalemba 100-240V ali bwino, akalemba 120V yokha asiyeni m'katoni.

Mukafika kunyumba musathamangire padenga. Yalani chingwe chilichonse pansi pabalaza, yatsani, muyende nacho ndi maso kuyambira papulagi mpaka kumapeto. Makamaka a chaka chatha, makoswe amakonda kutafuna mawaya m'katoni, pomwe mwaona waya wamkati akuonekera chingwe chimenecho chatha ntchito panja, musachimange ndi pepala la pulasitiki n'kumati zikhala bwino.

Kenako pezani soketi yomwe mugwiritse ntchito ndipo muyeze kuchokera pamenepo. Anthu ambiri amayamba kupachika kuchokera kugeti, akafika kukhonde waya watha soketi ili mamita atatu kutsogolo, basi amayamba kulumikiza maekisitenshoni pabwalo, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepa. Tengani tepi yoyezera kapena chingwe wamba, yezani kutsogolo kwa khonde, mapilala, mazenera. Pozunguliza pilala kapena thunthu la mtengo pamalowa waya wambiri kuposa momwe maso akuonera, pilala wa mamita awiri akhoza kudya mamita asanu kapena kuposa kutengera mwazunguliza mothithikana bwanji.

Malo opachika, ine maganizo anga ndi akuti musafune kuwalitsa paliponse. Sankhani mzere umodzi wowongoka pansi pa denga kutsogolo kwa nyumba, mapilala a khonde, mwina ndi mtengo umodzi wapafupi, kaya ndi mango kaya ndi peyala, zikwana. Nyumba imaoneka bwino kwambiri mukaitsata mmene inamangidwira. Mitundu ndi kukonda kwanu, ine ndimakonda oyera ofiirira pang'ono aja pakhonde, amitundumitundu ndimawasiyira mtengo chifukwa ana ndi omwe amawafuna. Ngati mukuchita lendi yambani mwawauza a landilodi musanakhome kalikonse pakhoma.

Tsiku lopachika dzukani m'mawa kusanachite mitambo, pajatu mvula ya Disembala imakonda kubwera masana kapena madzulo. Pulagi ikhale yozula nthawi yonse yomwe muli pamwamba. Makwerero aime pouma ndi polimba, munthu wamkulu awagwire pansi, osati mwana, osatinso kusanjikiza mpando pa tebulo. Ndipo yang'anani kumwamba muone pomwe padutsa waya wa ESCOM wochokera papolo kulowa m'nyumba, mbali imeneyo musayandikeko ndi makwerero achitsulo, musapachikeponso chilichonse. Kukayamba kugunda tsikani, mupitiriza mawa.

Pomangirira gwiritsani ntchito ma cable tie, timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya tija, kapena timaklipu ta pulasitiki tokhomera waya tija, timapezeka mu hadiweya iliyonse motchipa. Khomani pa thabwa la kutsogolo kwa denga, motalikana ngati masentimita 30 mpaka 40 kuti mzere usagwe mimba. Msomali usabowole waya, ndipo musaupinde pa waya mpaka kuufinya. Chomwe ndimaopa kwambiri ndi m'mphepete mwa malata, ndi mwakuthwa ngati mpeni, mphepo ikamagwedeza waya usiku wonse amadulika pang'onopang'ono mpaka magetsi kulowa m'denga lonse. Ndiye waya adutse pansi pa malata, pathabwa, asakhudze chitsulo. Pageti ndi pa mabagala a mazenera ikani okhawo a transformer kapena a sola. Pamtengo zungulizani momasuka kuti nthambi zikamagwedezeka waya asakokeke, komanso m'mwamba moti mbuzi ndi agalu asafikire.

Polumikizira ndi pomwe pagona nkhani. Ngati n'kotheka zolumikiza zonse zikhale m'nyumba, waya atulukire pazenera pomwe sakupanika. Zikakanika, ekisitenshoni ikhale pakhonde mkati mwenimweni, pamwamba osati pansi, mu bokosi la pulasitiki lotseka lomwe mwaboola pansi kuti mawaya alowere kumunsi. Ndipo waya asanalowe mu bokosi kapena pazenera musiyeni atsike kaye pang'ono kenako akwere, akhale ngati chilembo cha U, madzi oyenda ndi waya amadontha pokhotapo m'malo motsetsereka mpaka mu soketi. Kanthu kakang'ono koma kamapulumutsa. Musadzaze zingwe zambiri pa soketi imodzi yomwe palinso firiji kapena ayironi, ndipo ngati mukufuna soketi yapanja yokhazikika itanani wodziwa zamagetsi akuikireni, zolumikiza mawaya ndi mano zija ayi.

Kwa amene kulibe magetsi kapena kumathimathima, a sola ndi abwino zedi, alibe za soketi, amayaka okha kukada. Kapanelo kake kaikeni poyera pomwe palibe mthunzi wa mtengo, mu Disembala dzuwa limadutsa pafupifupi pamutu ndiye kagoneke pafupifupi chathyathyathya, muzikapukuta matope. Tsiku la mitambo yokhayokha amayaka maola ochepa, musadabwe. Komanso kamangireni m'mwamba mkati mwa mpanda, pansi pafupi ndi msewu kamachoka ndi anthu.

Za mayunitsi musaope. Werengani mawati papaketi. Tinene kuti muli ndi zingwe 5 chilichonse cha mawati 6, onse pamodzi ndi 30, mukamayatsa kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 11 koloko usiku kwa masiku 30 mwagwiritsa ntchito mayunitsi 4.5 okha. Pogona zimitsani n'kuzula pulagi, kukayamba ziphaliwali chimodzimodzi.

Chomwe paketi siinganene ndi ngumbi. Mvula ikagwa masana madzulo ake zimatuluka, ndipo zimathamangira pomwe pali kuwala, ndiye magetsi owala kwambiri musawaike pamwamba pa chitseko penipeni, apo ayi nyumba yonse idzadza mapiko. Kwathu owala kwambiri ndimawaika kumtengo, ana amaika beseni la madzi pansi pake n'kumatola mpaka nthawi yogona, mawa lake agogo awo amakazinga.

Chaka chatsopano chikadutsa tsitsani tsiku louma, dulani ma cable tie m'malo mokoka waya, pukutani, kulungani chingwe chilichonse pa kachidutswa ka katoni kake kuti chisapiringizike, ndipo musunge mu chidebe chotseka bwino chomwe makoswe sangalowemo.